ZA PAKHONDE: Woletsa Ulendo Ndiye Abweze Ndalama

Sabata ino talandira kalata yochokera kwa bambo wina wa m'boma la Ntcheu. Dzina lao sitilitchula, pakuti nkhaniyi ndi ya m'banja, koma funso lao tiliyankha poyera chifukwa tikhulupirira kuti yankho lake lithandiza ambiri.

Bambowa alikuti mwana wao wamkazi ndi namwino ku Manchester, m'dziko la Britain, ndipo papita zaka 6 osaponda kwao. Mwanayo anasunga ndalama zaka ziwiri kuti abwere pamodzi ndi mwamuna wake ndi ana ao awiri, adzukulu amene agogo ao sanawaonepo ndi maso. Anakalipira ku kampani ina ya komweko yokonza maulendo, ndipo mtengo unali umodzi pa zonse: ndege, malo ogona ku nyanja ku Mangochi, ndi galimoto yokawaonetsa njobvu ku Liwonde. Ulendo wonse unali wa masiku 14, ndipo pakati pa masikuwo anati adzapatukire kumudzi. Kutatsala masiku 10 kuti anyamuke, kampani inalemba kuti ulendo walephereka chifukwa anthu olembetsa achepa. Ndalama sinabweze, koma inatumiza kapepala kolonjeza ulendo wina chaka cha mawa. Tsopano mwanayo wauza atate ake kuti chaka chino sakhoza kutumiza ndalama ya feteleza monga achitira chaka ndi chaka, pakuti zonse zatsekeredwa kumeneko. Mbuzi imene bambowa ananenepetsa kuti aphere alendo ikali m'khola. Pomaliza kalata yao alikufunsa kuti: "Kodi ndalama za mwana wangazi zapita? Nanga ine ndigulitse mbuzi ndi nkhuku kuti ndipeze feteleza, kapena ndidikire?"

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Yankho lathu ndi ili: ndalamazo sizinapite. Zikali za mwana wanu, ndipo lamulo la dziko limene iye akhala linena poyera kuti zibwezedwe zonse, ndalama zenizeni, m'masiku owerengeka. Tsono khalani pansi tikufotokozereni bwino, kuti pomuimbira foni mumuuze chinthu chogwirika.

Ulendo wa phukusi

Munthu wa kumudzi akafuna kupita ku Blantyre amadzigulira yekha tikiti ya basi, nadzifunira yekha pogona kwa mbale wake, nanyamula kamba wake. Angerezi ambiri sachita chotero popita ku tchuthi. Iwo amapita ku kampani imodzi imene imawamangira zonse pamodzi monga phukusi: ndege, hotela, nthawi zina ndi chakudya ndi galimoto yomwe, ndipo amalipiriratu miyezi ingapo ulendo usanafike. Pa Chingerezi ulendo wotere amautcha package holiday, ndipo ife pano tiziutcha ulendo wa phukusi.

Amene akumbukiridwa kuti anayambitsa malonda amenewa ndiye Thomas Cook, mmisiri wa matabwa wa mpingo wa Baptist. Pa 5 Julayi 1841 iye anapangana ndi eni njanje natenga anthu ngati 500 pa sitima kuchokera ku Leicester kumka ku Loughborough, ku msonkhano wotsutsa kuledzera, ndipo munthu aliyense analipira sheleni imodzi kupita ndi kubwera. Pa kambeu kameneko panamera mtengo waukulu, kotero kuti lero anthu mamiliyoni amayenda maulendo otere chaka chiri chonse.

Ubwino wake ngwakuti munthu sabvutika kufunafuna. Koma choopsa chake chiri poyera: ndalama zimatsogola, katundu n'kutsala m'mbuyo. Ukagula mpando pa msika umaunyamula pomwepo. Ukagula ulendo wa mwezi wa Ogasiti uli m'Januwale, chimene wanyamula ndi lonjezo chabe. Ndicho chifukwa chake Boma la Britain linaikapo malamulo, poyamba mu 1992, ndipo pa 1 Julayi 2018 linaika ena atsopano olowa m'malo mwa akalewo.

Malamulo a 2018 amati ulendo ndi wa phukusi ngati kampani yagulitsa pamodzi zinthu ziwiri kapena zoposerapo za mitundu yosiyana, monga choyendera ndi pogona, ndipo ulendowo ndi wa maola 24 kapena kuposa, kapena uli ndi kugona usiku. Ulendo wa mwana wanu, bambo, unali ndi ndege, hotela ndi galimoto pa mtengo umodzi. Palibe chikaiko, umenewo ndi wa phukusi.

Chimene lamulo linena

Mutu wa lamulo ndi uwu: kampani ikaletsa ulendo usanayambe, iyenera kubweza ndalama zonse zimene munthu analipira, ndipo isapitirire masiku 14 kuchokera tsiku limene yaletsa. Chifukwa chimene yaletsera, kaya ndi chomveka kaya n'chosamveka, sichisintha kanthu pa kubwezako. Kaya kwabuka nkhondo, kaya kwagwa mliri, kaya olembetsa achepa, ndalama zibwerere kwa mwini.

Pamene chifukwa chimalowa ndi pa nkhani ya chipepeso, ndiko kunena ndalama zoonjezera pamwamba pa zobwezazo, zolipira zimene munthu wataya chifukwa cha kulepherekako. Kampani imapulumuka ku chipepeso pa njira ziwiri zokha. Njira yoyamba ndi pamene chagwa chinthu chachilendo chimene munthu sakanakhoza kuchipewa ngakhale atasamala motani, monga chivomezi, chigumula, nkhondo kapena mliri. Njira yachiwiri ndi pamene anthu olembetsa sanakwane chiwerengero chimene chinalembedwa m'pangano, koma pamenepa kampani iyenera kunena nthawi ikalipo. Ulendo ukakhala woposa masiku 6, inene kutatsala masiku 20. Ukakhala wa masiku 2 kufikira 6, inene kutatsala masiku 7. Ukakhala wosakwana masiku 2, inene kutatsala maola 48.

Tsono werengani nokha, bambo. Ulendo wa mwana wanu unali wa masiku 14, kotero kampani inayenera kunena kutatsala masiku 20, koma inanena kutatsala 10 okha. Ndiye kuti pamwamba pa ndalama zake zonse, iye ali ndi mpata wopempha chipepeso pa zinthu zimene angasonyeze kuti anataya, monga zimene anagula kapena kulipira pokonzekera ulendowo.

Lamulo lomwelo linatsekanso njira zina zimene wamalonda wochenjera angadzere. Kampani ikasintha chinthu chachikulu cha m'pangano, monga kukusamutsa kuchoka ku hotela ya m'mbali mwa nyanja kukuika kwina kutali, uli ndi ufulu wakubvomera kapena kukana, ndipo ukakana ulandire ndalama zako zonse. Ikakweza mtengo koposa magawo 8 pa 100 aliwonse, ndiye kuti koposa mapaundi 80 pa ulendo wa mapaundi 1,000, ukhozanso kukana ndi kulandira zako. Ndipo kukatsala masiku osakwana 20 kuti ulendo uyambe, mtengo suloledwa kukwera konse.

Koma tisakondere mbali imodzi. Ukaleka ulendo ndiwe mwini, chifukwa wasintha maganizo kapena wakangana ndi mkazi wako, kampani iri ndi ufulu wakudulapo ndalama, ndipo imadula zambiri tsiku likayandikira. Chimene lamulo likulola ndicho kupatsa malo ako munthu wina, malinga udziwitse kampani kutatsala masiku 7 ndi kulipira mtengo wosinthira dzina. Pokhapo pamene kumalo kumene ulikupitako kwagwa choopsa chachikulu chosokoneza ulendowo, m'pamene ukhoza kuleka wekha ndi kulandira zonse osadulidwa.

Kapepala si ndalama

Tibwere tsopano pa kapepala kaja. Inu alimi mudziwa bwino kuponi. Kuponi imathandiza pokhapo katundu alipo m'sitolo imene yalembedwa, ndipo tsiku lake lisanapite. Sungagulire mankhwala a mwana, sungalipirire sukulu, sungatumize kwa atate ako. Kapepala ka kampani ya maulendo n'chimodzimodzi: kamakumanga kuti udzagule kwa iwo okha, pa mtengo umene iwo adzatchule chaka chimenecho.

Lamulo sililetsa kampani kupereka kapepala kotere, ndipo munthu wofuna akhoza kukalandira. Koma kusankha n'kwa mwini ndalama. Kampani siloledwa kunena kuti, "Landira kapepala, ndalama kulibe."

Nkhani imeneyi inayesedwa kolimba m'chaka cha 2020, nthawi ya mliri wa Covid-19. Pa 17 Malichi chaka chimenecho Boma la Britain linalangiza anthu ake kuti asapite kunja popanda chifukwa chachikulu, ndipo maulendo osawerengeka analephereka nthawi imodzi. Makampani ambiri anathedwa nzeru, pakuti ndalama za anthu anali atazipereka kale kwa eni ndege ndi eni mahotela. Ena anayamba kugawa timapepala m'malo mwa ndalama, ena anangokhala chete miyezi ndi miyezi. Anthu sanagone. Analemba madandaulo ochuluka ku bungwe la Boma loyang'anira malonda, lotchedwa Competition and Markets Authority, ndipo bungwelo linaitana makampani akuluakulu limodzilimodzi. Mu Seputembala 2020 kampani ya TUI inalonjeza kumaliza kubweza pofika kumapeto kwa mwezi womwewo. Mu Okutobala inatsatira Virgin Holidays. Mu Disembala kampani ya Lastminute.com inalonjeza kubweza mapaundi oposa 7 miliyoni kwa anthu oposa 9,000, ndipo ya Loveholidays inalonjeza mapaundi oposa 18 miliyoni kwa anthu 44,000.

Taonani tsono. Ngati lamulo silinapindike pa chaka chimene ndege za dziko lonse lapansi zinaima, kodi lingapindike lero chifukwa chakuti olembetsa achepa? Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndalama iri m'thumba ndiyo yako. Ulendo wa chaka cha mawa uli pachala.

Kampani ikafa

Wina afunsa kuti, nanga kampaniyo ikagwa osadzukanso, ndani abweze? Funso limeneli ndi la nzeru, ndipo Angerezi analiphunzira ndi misozi. Mu Ogasiti 1974 kampani ya Court Line inagwa pakati pa nyengo ya tchuthi, anthu oposa 40,000 ali kunja kwa dziko, ndipo ena ambiri anali atalipira kale maulendo amene sanayende. Chikole chimene makampani anaika chinachepa, kotero kuti mu 1975 Boma linakhazikitsa thumba lapadera lothandiza pa tsoka lotere.

Makonzedwe ake ndi awa. Kampani yogulitsa maulendo a phukusi okhala ndi ndege iyenera kukhala ndi chiphaso chotchedwa ATOL, chimene chimaperekedwa ndi bungwe loyang'anira za ndege la Civil Aviation Authority. Chiphasochi chinayamba mu 1973. Pa munthu aliyense wolembetsa, kampani imaponya kandalama m'thumba lija, ndipo mu 2009 kandalamako kanaikidwa pa mapaundi awiri ndi theka. Ziri ngati nkhokwe ya mudzi imene banja liri lonse limathiramo dengu limodzi pokolola, kuti amene nyumba yake yapsa asagone ndi njala. Munthu akalipira ulendo wake amapatsidwa kalata ya umboni wa ATOL, yosonyeza zimene zatetezedwa.

Nkhokwe imeneyi inatsegulidwa kwakukulu mu 2019. Kampani ija inayamba ndi sitima ya sheleni imodzi, ya Thomas Cook, inali itakhala zaka 178, ndipo anthu ankaiyesa phiri losasunthika. Koma ngongole zinaikulira, ndipo m'bandakucha wa pa 23 Seputembala 2019 inatseka. Tsiku limenelo anthu a ku Britain ngati 150,000 anali kunja pa maulendo ake. Boma ndi bungwe la za ndege lija anabwereka ndege m'maiko ambiri, ndipo pa masabata awiri anabweza kwao anthu ngati 140,000. Panalinso maulendo ngati 360,000 olipiridwa kale koma osayendedwa, ndipo eni ake anabwezeredwa kudzera ku ATOL, ngakhale ena anadikira miyezi. Koma ambiri amene anagula tikiti ya ndege yokha, popanda phukusi, sanali m'kati mwa chitetezo chimenechi, ndipo anakafuna thandizo ku banki kapena ku inshuwalansi. Dzina la kampaniyo linagulidwa pambuyo pake ndi anthu ena.

Phunziro lake ndi lakuti ukulu wa dzina si chikole. Chimene chinapulumutsa anthu aja si zaka 178, koma kalata ya umboni imene anasunga m'chikwama.

Zimene mwana wanu achite

Tsono bambo, pomuimbira foni mwana wanu mumuuze izi mwa ndondomeko.

Choyamba, asabvomere kapepala kaja, asasaine kanthu, ndipo asakagwiritse ntchito ngati chimene afuna ndi ndalama. Munthu amene wadya kale nsima abvutika kunena kuti sanaifune.

Chachiwiri, asonkhanitse mapepala onse: pangano la ulendo, malisiti, kalata ya umboni wa ATOL, ndi kalata imene kampani inaletsera ulendo, yosonyeza tsiku lake.

Chachitatu, alembe kalata, asangoimba foni, pakuti mau a pa foni amauluka ndi mphepo. M'kalatamo anene mwaulemu koma mosazungulira kuti kapepala wakakana, kuti afuna ndalama zake zonse monga mwa malamulo a maulendo a phukusi a 2018, ndipo atchule tsiku limene masiku 14 akwanira. Anenenso za chipepeso, popeza anauzidwa mochedwa. Kalata ina yofanana nayo asunge.

Chachinai, kampani ikakhala chete, njira zilipo zingapo. Ngati analipira ndi khadi la ngongole la ku banki, lamulo lina la 1974 limati pa katundu wa mtengo woposa mapaundi 100 koma wosapitirira mapaundi 30,000, banki nayonso iri ndi mlandu pamodzi ndi wogulitsa, kotero akhoza kukaitanitsa ku banki. Ngati kampaniyo iri m'bungwe la makampani a maulendo lotchedwa ABTA, akhoza kukadandaula kumeneko. Bungwe la Citizens Advice limalangiza anthu kwaulere. Zonsezi zikalephera, ku England kuli njira ya milandu ing'onoing'ono, ya ndalama zosapitirira mapaundi 10,000, imene munthu akhoza kudziimira yekha popanda loya. Kwathu kuno timati mlandu suola, koma kumeneko mlandu wa pangano uli ndi malire a zaka 6, ndipo ndi bwino kuyamba msanga mapepala asanatayike.

Za mbuzi ndi nkhuku, ife sitingakulamulireni za m'khola mwanu. Koma tinene zoona: lamulo likuti masiku 14, koma kampani youma mutu ikhoza kukokera masabata angapo, ndipo mvula siidikira kalata. Konzani munda pa nthawi yake, thirani manyowa amene muli nao, ndipo ngati n'kofunika kugulitsa nkhuku zingapo kuti mupeze thumba loyamba, gulitsani. Koma musataye mbuzi pa mtengo wolira poganiza kuti zonse zatha. Ndiponso musamukalipire mwanayo. Iye sanamwaze ndalama, anafuna kukuonetsani adzukulu.

Nanga kuno kwathu

Owerenga ena anena kuti izi n'za Azungu, ife ndege tilibe nazo kanthu. Koma chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe. Kodi amayi a mvano sasonkha ndalama za basi yopita ku msonkhano? Kodi ana a sukulu salipira ulendo wokaona nyanja, wokhala ndi galimoto, chakudya ndi pogona? Kodi pa ukwati sitilipiriratu lole yonyamula anthu? Abale athu Asilamu amasunga zaka zambiri kuti apite ku Mecca, ndipo Akhristu ena amalipira maulendo a ku Israel. Mu 2020 ndi 2021 dziko la Saudi Arabia silinalole anthu ochokera kunja kupita ku Hajj chifukwa cha mliri uja, ndipo kuno kwathu ndege zopita kunja zinaimitsidwa kuyambira pa 1 Epulo 2020. Maulendo amalephereka kulikonse, ndipo ndalama ya mlimi imapezeka mobvutika kuposa ya munthu wa ku Manchester.

Tichenjeze pano kuti malamulo a ku Britain amene tafotokozawa, ndi masiku 14 aja, ndi a makampani ogulitsa kumeneko. Musapite kwa mwini minibasi pa Ntcheu kukamuwerengera malamulo a ATOL, adzakusekani. Koma mutu wa nkhani si wachilendo kwa ife. Ukapereka ndalama kwa mmisiri kuti akukhomere chitseko, iye n'kulephera, bwalo la mfumu liri lonse lidzati abweze. Sangakuuze kuti, "Chitseko chalephereka, koma ndalama ndisunga, chaka cha mawa ndidzakusemera mtondo." Dziko lathu lirinso ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndi bungwe la Boma la Competition and Fair Trading Commission limene limalandira madandaulo a ogula, ndiponso makhoti a majisitireti alipo m'maboma monse.

Chimene chimatigwetsa ife si kusowa kwa bwalo, koma kusowa kwa umboni. Timapereka ndalama pansi pa mtengo, pa mau okha, chifukwa tichita manyazi kupempha lisiti kwa munthu amene tidziwana naye. Tsiku la mlandu iye akuti analandira theka, ife tikuti tinapereka zonse, ndipo mfumu isowa pogwira. Tsono popeza masiku obwezera sitingawatenge ku lamulo la eni ake, tiziwalemba tokha m'pangano.

Musanapereke ndalama ya ulendo uli wonse, tengani pepala la m'kope mulembe dzina la wolandira ndalama, nambala ya galimoto, tsiku ndi nthawi yonyamuka, kumene mulikupita, zimene ziri m'kati mwa mtengo, ndi ndalama zimene mwapereka. Pansi pake lembani mau awa: ulendo ukalephereka chifukwa cha mwini galimoto, ndalama zonse zibwezedwe pofika tsiku lakuti. Lembaninso zimene iye adzadule ngati oleka ndinu, pakuti nayenso akhoza kukana ntchito ina chifukwa cha inu, ndipo si chilungamo kuti atsale chimanjamanja. Asaine iye, musaine inu, ndi mboni ziwiri. Ngati n'kotheka perekani gawo poyamba, zotsala mudzapereke galimoto itaima pabwalo. Mukatumiza ndalama pa foni, uthenga wake musaufafanize, umenewo ndi lisiti lanu.

Chenjeraninso ndi mtengo wotsika koposa muyeso. Munthu wosadziwika akafika ndi zithunzi zokongola nanena kuti malo atsala awiri okha, lipirani lero, kumbukirani chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Funsani kumene kuli ofesi yake, funsani amene anayendapo naye, ndipo pa ulendo wa kunja funsani kuti ndalama zanu zidzakhala kuti iye akalephera. Wamalonda woona sakwiya ndi mafunso otere. Safunsa anadya phula.

Mau otsiriza apite kwa inu a komiti, asungichuma a mipingo, a masukulu ndi a makalabu a alimi. Mukasonkhetsa anthu ndalama za ulendo, ndiye kuti mwalowa m'malo mwa kampani ija. Ulendo ukalephereka, musanene kuti ndalama tazisunga, tidzagulira malata a tchalitchi. Malata ndi abwino, koma mayi amene anagulitsa ndowa ziwiri za mtedza sanaperekere malata. Itanani anthu, werengani poyera zimene zinalowa ndi zimene zinatuluka, bwezerani aliyense zake, ndipo wofuna kupereka ku malata apereke ndi dzanja lake. Mukatero chaka cha mawa anthu adzasonkhanso mokondwa. Mukapanda kutero, mudzaitana ulendo wina ndipo mudzakwera nokha.

Bambo a ku Ntcheu, tidzakondwa mukatilemberanso kutiuza m'mene zathera. Mbuzi ija ipatseni msipu, adzukulu adzaidya ndithu. Owerenga ena amene muli ndi mafunso a malonda, a minda kapena a m'banja, lemberani kwa Mkonzi, ndipo tidzayankha monga mwa malo amene tiri nao.

Tsalani bwino mpaka sabata ya mawa.

Ine wanu,
MNZANU WA PAKHONDE